Nambala ya pansi pa kotesheni amailipira ndani?

Anzanga akandifunsa kuti, "Kodi aise, kuntchito kwakoko umapanga chiyani kwenikweni?" ndimayankha kuti ndimalosera. Amaseka, koma sindikhala ndikunama. Ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yopanga zinthu zachitsulo mu Blantyre muno: mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabedi a m'mahositelo, madesiki a m'sukulu. Sindiwotcherera, sindidula chitsulo, sindipaka penti. Yanga ntchito ndi kunena mtengo wa chinthu chimene sichinapangidwe, komanso tsiku limene chidzathe. Pa Chingerezi amati estimator. Ndiye poti kampani ndi yaing'ono, ndine ndemwenso ndimajambula chinthucho, n'kulemba pa bolodi kuti Lolemba uje adula, uje awotcherera, uje apenta.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta kumva. Tinene kuti kasitomala akufuna madesiki. Ndimajambula desiki limodzi n'kuliphwasula papepala: miyendo ingati, zopingasa zingati, thabwa lotalika bwanji. Mapaipi achitsulo timagula otalika mamita 6, choncho ndimawerenga kuti paipi imodzi itulutsa zidutswa zingati, ndipo kotsala kotaya n'kotalika bwanji. Kenako ma rod owotcherera, madisiki a gilayinda, mabawuti, penti woyamba woteteza dzimbiri, penti womaliza. Ndikatero ndimabwera pa maola a anthu: wodula, wowotcherera, wosalaza, wopenta. Pamwamba pake ndimaikapo gawo la lendi, magetsi, mafuta a galimoto, ndi phindu la eni kampani. Zonsezi zimakathera pa nambala imodzi pansi pa kotesheni, ndipo kasitomala amayang'ana nambala imeneyoyo basi.

Chaka china tinalowa nawo mpikisano wopanga madesiki 300 a bungwe lina lothandiza masukulu. Ndinawerengera bwinobwino, n'kupita nalo pepala kwa abwana. Anayang'ana pansi penipeni, n'kupukusa mutu. "Apa sitiwina. Kachotsepo kenakake." Sanandiuze kuti ndikaname ayi. Anangoti kenakake, n'kundisiyira ine kuti ndikasankhe.

Ndinali ndi zitseko zitatu. Choyamba chinali kuchepetsa chitsulo: m'malo mwa paipi yokhuthala mamilimita 1.6, kuika ya 1.2. Kunja zimaoneka zofanana, koma chitsulo chimachepa pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo desiki lotero ana akalikokakoka limayamba kugwedera molumikizira. Chachiwiri chinali kudumpha penti woyamba uja. Tsiku lopereka katundu desiki limawala ndithu, koma dzinja limodzi likadutsa dzimbiri latulukira. Zitseko ziwirizi ndinaziopa chifukwa zimagwidwa: munthu atha kuyeza paipi, atha kukanda penti. Chitseko chachitatu n'chimene sichigwidwa. Ndinali nditalemba kuti desiki limodzi lidya maola atatu a anthu. Ndinafufuta 3 n'kulemba 2. Sizinanditengere ngakhale mphindi imodzi.

Tinawina. Abwana anagula zoziziritsa kukhosi, onse tinasangalala. Koma ola limodzi pa desiki lililonse, kuchulukitsa ndi 300, ndi maola 300, ndipo maola amenewo sanathawe chifukwa choti ine ndawafufuta. Tsiku lopereka linali lomangika kale, sukulu zisanatsegulidwe. Anyamata anayamba kuweruka usiku, kubwera Loweruka, kenako ndi Lamulungu lomwe. Ovataimu munalibe mu kotesheni, choncho analandira kangachepe kongowapepesa. Ine ndinkaweruka nthawi yanga, malaya oyera.

Pa shedi pathu pali bambo ena achikulire, owotcherera, amene anayamba ntchitoyi ine ndisanabadwe. Tonse timangowatchula kuti madala. M'mawa wina ndinawapeza atakhala pa mulu wa mapaipi, maso ali psuu, misozi ikungotsika yokha. Amene munawotchererapo mukudziwa: kuwala kuja kukakulowa m'maso, usiku umamva ngati wina wakuthiramo mchenga, ndipo munthu akatopa ndi pamene amachedwa kutsitsa chigoba chake. Ndinawapatsa moni. Anayankha bwinobwino, kenako anati, "Achimwene, amene anawerenga maola a ntchito iyi anayamba agwirapo chitsulo chotentha?" Ankadziwa kuti ndine. Ulemu wa akuluakulu umapweteka kuposa kutukwana.

Kuyambira tsiku limenelo funso limodzi silinandichoke: kodi ndinanama? Poyamba ndinkadziteteza mosavuta. Kuyerekeza ndi kuyerekeza, si lumbiro. Palibe amene amadziwa za mawa. Ndipo mbiri ili ku mbali yanga. Nyumba yotchuka ija ya Sydney Opera House, ku Australia, anaiyerekeza kuti idya madola 7 miliyoni a dzikolo ndipo itha mu 1963. Inatsegulidwa mu 1973 itadya madola 102 miliyoni. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analipatsa dzina vutoli mu 1979, kuti planning fallacy: munthu akamakonza ntchito yake amaona njira yosalala, amaiwala kuti ntchito zonse zam'mbuyomu zinachedwa. Tonse tili nako kamatenda aka. Ndani mwa ife sananenepo kuti "ndikufika pompano" ali m'bafa?

Ngakhale kwathu konkuno, nambala yolembedwa ndi mtima woyera imatha kusanduka bodza usiku umodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Chitsulo chambiri chimene timagwiritsa ntchito chimachokera kunja, ndiye makotesheni amene anali atatumizidwa sabata yapitayo anangosanduka mapepala oyatsira mbaula. Pamenepo palibe wochimwa. Munthu unawerenga moona, dziko n'kusuntha pansi pa mapazi ako.

Koma ndikakhala ndekha, chitetezo chimenechi chimagwa. Kulakwitsa ndi kunama zimabala nambala yofanana papepala, koma zimachokera kosiyana. Wolakwitsa amakhulupirira zimene walemba. Ine ndinkadziwa 3, ndinalemba 2. Ndipo chimene chimachititsa bodza la mtundu uwu kukhala lokoma n'chakuti lili ndi pobisala pokonzeka kale. Zikavuta umangoti, "Pajatu kunali kungoyerekeza." Wakuba nkhuku akagwidwa, nthenga zimamuulula. Wakuba maola sasiya nthenga, chifukwa ntchito yake yomwe imamulola kuphonya.

Chachiwiri chimene ndinaphunzira n'chakuti mtengo sufa, umangosamuka. Desiki lili ndi mtengo wake weniweni: chitsulo chakutichakuti, penti wakutiwakuti, thukuta lakutilakuti. Ndikatsitsa nambala popanda kusintha kapangidwe, sindinachotse kanthu pa mtengowo, ndangosankha wina woti alipire. Ndikachepetsa chitsulo, alipira mwana wa sitandade 4 amene desiki lidzamuthyokere. Ndikadumpha penti, alipira aphunzitsi aakulu amene adzafunefune ndalama yokonzetsera. Ndikafufuta maola, alipira madala ndi maso awo. Taonani chimene anthu atatuwa akufanana: pa nthawi yolemba kotesheni, palibe ndi mmodzi yemwe amene amakhala m'chipindamo. M'chipindamo mumakhala ine, abwana ndi kasitomala, ndipo tonse atatu timatuluka tikumwetulira. Mgwirizano umene aliyense amene alipo wapindula uyenera kutipatsa mantha pang'ono, tifunse kuti kodi amene palibe ndani.

Nkhani yoyeza maola a munthu wina si ya lero. Mu 1911, munthu wina wa ku America, Frederick Winslow Taylor, anatulutsa buku lotchedwa The Principles of Scientific Management, limene mpaka pano amaliphunzitsa m'makalasi a kayendetsedwe ka mafakitale. Iye ankaima ndi wotchi pambali pa ogwira ntchito, kuyeza kanthu kalikonse kamene akuchita. Malinga ndi mmene anafotokozera mwini wake, pa kampani ya Bethlehem Steel anatenga munthu wonyamula zitsulo amene anamutchula kuti Schmidt, n'kumuchotsa pa matani 12 ndi theka patsiku kumufikitsa pa matani 47. Malipiro ake anakwera kuchoka pa dola 1.15 kufika pa dola 1.85 patsiku. Werengani nokha: ntchito inakwera pafupifupi kanayi, malipiro sanafike n'kawiri komwe. Taylor sindimuda, chifukwa kuyeza ntchito n'kofunika, ndipo ine ndimadya momwemo. Chimene chimandiopsa ndi kagawidwe kake: wina aganize, wina anyamule, ndipo wonyamulayo asafunsidwe. Ndi kakalikuleta kanga kaja ndinali Taylor wamng'ono, kungoti Taylor ankapita n'kukaima pomwe ntchito ikuchitikira. Ine sindinadzuke n'komwe pampando.

Mwina mukuti madesiki ndi nkhani yaing'ono, palibe anafa. Zoona. Koma chizolowezi chosintha kanthu papepala kuti ntchito iphweke, popanda kufunsa kuti katunduyo wasamukira pa ndani, n'chimodzimodzi kaya ndi desiki kaya ndi mlatho. Pa 17 Julaye 1981, mu hotela ya Hyatt Regency mumzinda wa Kansas City ku America, tinjira tiwiri ta m'mwamba todutsapo anthu, kena pamwamba pa kanzake, tinagwera pa khamu la anthu amene ankavina pansi. Anthu 114 anafa. Pa pulani yoyamba, tinjira tonse tiwiri tinayenera kulendewera pa ndodo zachitsulo zazitali zochokera kudenga mpaka pa kanjira ka m'munsi. Opanga zitsulo anaona kuti ndodo zoterozo n'zovuta kupanga ndi kumanga, ndiye anapempha kuti zikhale ziwiriziwiri: ina ichoke kudenga kufika pa kanjira ka m'mwamba, ina ichoke pa kanjira ka m'mwambako kufika pa ka m'munsi. Mainjiniya anavomereza. Papepala kusinthaku kunali kochepa, koma kunawirikiza kawiri katundu wa pa mfundo zogwira kanjira ka m'mwamba. Zili ngati anyamata awiri olendewera pa chingwe chimodzi: aliyense akagwira chingwe yekha, manja ake anyamula thupi lake lokha, koma wam'munsi akagwira miyendo ya mnzake, manja a wam'mwamba anyamula anthu awiri. Palibe amene anafuna kupha munthu. Panangosowa wokhala pansi n'kuwerenganso.

Tsopano ndiyenera kuwachitira chilungamo abwana anga, chifukwa mfundo yawo si yopusa. Iwo amati: tikapanda kuwina, anyamata omwewo amene ukuwamvera chisoniwo adya chiyani? Mwezi ukatha popanda oda, ena amauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Makampani ena akutsitsa mitengo mwa njira zomwezi, ndipo kasitomala amasankha wotchipa. Ukaumirira chilungamo chako, ntchito ipita kwa amene aika paipi ya 1.2 n'kudumphanso penti, ndiye ana alandira madesiki oipa, anyamata ako agona ndi njala, iwe watsala ndi mtima woyera wokhawokha. Kodi mtima woyerawo ndi ndiwo? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo amene sanasowepo ndalama yolipira antchito kumapeto kwa mwezi asathamangire kuliyankha.

Ndinalisenza kwa nthawi, mpaka tsiku lina pa nkhomaliro ndinakhala pansi ndi madala aja n'kuwauza zonse, kuti ndine ndinafufuta ola lija, ndiponso chifukwa chake. Ndinkayembekezera kuti akalipa. Anatafuna chimanga chawo chootcha pang'onopang'ono, kenako anati, "Mukanatiuza kuti ntchito yavuta, tithandizane, mwina tikanavomera. Nafenso timafuna ntchito. Koma mukanatiuza."

Mawu amenewa anandimasulira chimene chinkandisokoneza. Ine ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kuwagwiritsa anthu ntchito yowawa. Koma anthu amavomera zowawa tsiku lililonse: mayi amadzuka 3 koloko kukapikula tomato, mnyamata amapalasa kabaza dzuwa lili pamutu. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo asankha okha, akudziwa chimene akulipira ndi chimene akugula. Ine ndinatenga Lamulungu la munthu, tulo take ndi maso ake, n'kukazipereka kwa kasitomala ngati kuchotsera mtengo, mwini wake osadziwa. Kupereka nsembe n'kwabwino, koma mbuzi yake ikhale yako, kapena mwini mbuzi avomere. Mfundo ya abwana ija imayankha funso lakuti kodi kutsitsa mtengo kunali kofunika. Siyankha funso lakuti n'chifukwa chiyani amene analipira sanafunsidwe, komanso n'chifukwa chiyani pa mizere yonse ya pa kotesheni, mzere wa phindu ndi umene sunakhudzidwe.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri chinabwera pambuyo pake. Madala anandiitanira kuseri kwa shedi n'kundionetsa kachipangizo kamene anapanga ndi zitsulo zotaya pakati pa ntchito ija: chikombole chogonekapo zidutswa za felemu, chimene amachitcha jig, kuti wowotcherera asamayeze ndi tepi ndi sikweya pa desiki lililonse. Amangogoneka, kumanga, kuwotcherera. Anandionetsanso kuti pa chojambula changa panali chidutswa cha mamilimita 760, chimene pa paipi ya mamita 6 chimatuluka kasanu n'kawiri n'kusiya chotsala chachitali chopanda ntchito. Chikanakhala cha 745, chikanatuluka kasanu n'katatu, pafupifupi popanda chotaya. Kusiyana kwa mamilimita 15 okha, kumene kasitomala akanavomera tikanamufunsa. Kunena kwina, njira yotsitsira mtengo moona inalipo, ndipo inali m'mutu mwa munthu amene ndinamubera maola. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, koma ine ndinkayesa kuti satifiketi yanga ndi mitu khumi.

A Toyota ku Japan anaizindikira kale nkhani imeneyi. M'mafakitale awo anaika chingwe chotchedwa andon, chimene wantchito aliyense akaona vuto amatha kukoka kuti aitane thandizo, ndipo vutolo likapanda kutha msanga mzere wonse wopangira magalimoto umaima. Anthu amachitama ngati nzeru ya bizinesi, ndipo ndi nzerudi. Koma ine ndimaonamo kanthu kena: kuvomereza kuti amene manja ake ali pa chitsulo akudziwa zimene wa mu ofesi sadziwa, ndipo ali ndi ufulu wonena kuti nambala yanuyi ndi yabodza. Pa shedi pathu chingwe chotero panalibe. Panali funso la madala lija basi, ndipo linafika mochedwa.

Lero ndili ndi timalamulo tanga titatu, tosalembedwa paliponse. Ngati mtengo ukuyenera kutsika, ndimayamba kufunafuna m'kapangidwe: kudula mwanzeru, jig, kuchepetsa mfundo zowotcherera, ndipo chilichonse chimene ndasintha ndimachiwerenganso n'kumuuza kasitomala. Ngati tikuchepetsa chimene kasitomala alandire, ndimachilemba poyera pa kotesheni, paipi yakuti mtengo wakuti, paipi yakuti mtengo wakuti, asankhe yekha akuona. Ngati tikufupikitsa nthawi, anyamata amve kaye, ndipo ovataimu ilowe mu nambala. Zikakanika zonsezi, ndimabwerera kwa abwana n'kuwaonetsa mzere wa phindu, chifukwa ndi wokhawo umene mwini wake ali m'chipindamo.

Musandiyese woyera. Ntchito zina zatidutsa chifukwa cha timalamulo timeneti, ndipo pali mwezi wina umene anyamata awiri anakhala kunyumba masabata angapo. Sindingalumbire kuti ndikanafufuta kanambala kena sakanagwira ntchito. Usiku wina ndimagona ndikudzifunsa ngati chilungamo changachi sichikulipiridwanso ndi anthu ena, monga momwe bodza langa linalipiridwira. Yankho lathunthu ndilibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa njira ziwirizi, imodzi yokha ndi imene ndingathe kuifotokoza pamaso pa onse amene ikuwakhudza popanda kutsitsa maso.

Ambiri mwa inu amene mukuwerenga pa foni simudzawerengera madesiki. Koma tsiku lina wina adzakufunsani kuti, "Zitenga nthawi yaitali bwanji? Zidya zingati?" Kaya ndinu telala amene mwalandira madiresi a ukwati, kaya mumapanga mawebusaiti, kaya mukulemba bajeti ya pulojekiti ku bungwe, mudzamva kamawu kaja kakuti tchulani nambala yokoma, zinazo tidzaona konko. Pamenepo dzifunseni kuti "konko" kudzakhala ndani, chifukwa kawirikawiri simudzakhala inu.

Sabata yatha kunabwera oda ya mabedi osanjikiza. Ndisanatumize kotesheni ndinatenga pepala langa n'kutsikira ku shedi. Madala anakweza chigoba, anapukuta manja pa ovolosi, n'kuyendetsa chala pa mzere wa maola. Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Apa mwawonjeza, achimwene, makwerero awa sangatidyere ola lathunthu. Koma apa pa penti mwaiwala kuti kunja kuli chiperoni, sauma tsiku limodzi." Ndinafufuta pawiri, kwina kutsitsa, kwina kukweza. Nambala ya pansi inasintha pang'ono chabe. Sindikudziwa ngati tiwine.